Nkhungudzu Zibwerere pa Mpanda: Zitheba Zoyenera Kuno Kuchigwa

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa alangizi a bungwe lathu adayankhula kwa mamembala a makalabu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka pa msonkhano umene udachitikira ku Mua. Tawasindikiza kuti makalabu amene sadafike akawerengerane pa misonkhano yawo.

 

Tikakumana chonchi nthawi zambiri timakamba za feteleza, za makuponi ndi za mitengo ya chimanga. Lero ndapempha kuti tikambe za ndiwo. Ndaona abambo ena mwayamba kale kuyang'ana kumbali, mukuti imeneyo ndi nkhani ya amayi. Pepani abambo, khalani pansi. Nsima siyenda yokha. Nkhokwe ikhoza kudzadza, koma ngati mwana akudya nsima ndi madzi amchere, pakhomopo njala ilipo ndithu. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 adali opinimbira. Ena mwa ana amenewa ndi a m'makomo momwe chimanga chidalipo.

Nkhani yanga ndi ya zitheba, makamaka zitheba zotambalala zija za nyemba zoyanga, zimene munthu angalime pakhomo pompo popanda kuponi, popanda ngongole.

Mmene ndidalakwira

Ndiyambe ndi kudziulula. Mu 2017, ndikugwira ntchito yaulangizi m'dera lomwe lino, ndidagula timapaketi ta mbewu ya zitheba m'sitolo ina ku Lilongwe. Chithunzi cha papaketipo chidali chokongola: zitheba zazitali, zotambalala, zolendewera pa mitengo. Ndidasonkhanitsa kalabu ya amayi m'mudzi wina kufupi ndi Mtakataka, tidakonza kadimba kachitsanzo, ndipo tidadzala mu Okutobala. Amayi aja adathirira m'mawa ndi madzulo kwa miyezi iwiri, madzi ake osenza pamutu. Nyemba zidamera bwino, zidayanga mpaka kupitirira mitengo, masamba ali biriwiri. Maluwa adabwera, koma adayoyoka. Adabweranso ena, nawonso adayoyoka. Zimene tidathyola sizidadzadze ngakhale beseni limodzi.

Tsiku lozula mitengo, agogo ena amene sadali m'kalabumo adaima chapatali n'kumationerera. Kenaka adati, "Alangizi, inu ndinu ophunzira, koma nyemba zanuzi n'za kumapiri. Mudzabwere kwathu mu Juni." Ndidachita manyazi, komabe mu Juni ndidapita. Ndidapeza mpanda wonse wa bafa ndi mbali imodzi ya mpanda wa nyumba zitakutidwa ndi chomera chobiriwira, maluwa ofiirira ali mbwee, zitheba zotambalala zili lendelende m'magulumagulu. Mvula idali itasiya kalekale, ndipo agogowo sadathirirepo. Adandithyolera zodzadza chipewa changa, nati, "Izi ndi nkhungudzu. Mbewu yake adandisiyira ndi mayi anga."

Ndidali ndi dipuloma m'chikwama, koma tsiku limenelo ndidabwerera m'kalasi. Safunsa adadya phula. Amayi a kalabu ija adataya miyezi iwiri ya thukuta lawo chifukwa ine sindidafunse eni dera. Nkhani imeneyi ndi imodzi mwa zimene zidandifikitsa ku ntchito ndikugwira lero, yoyankhulira alimi.

Chifukwa chiyani maluwa adayoyoka?

Yankho lake ndi kutentha. Nyemba wamba, kaya ndi zazifupi monga Napilira ndi Kholophethe, kaya ndi zoyanga, kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo zimakonda malo ozizirirapo. Masana kukamatentha kupitirira madigiri 30, usiku osatsika pa madigiri 20, maluwa a nyemba sagwira. Amagwa asanasanduke zitheba. Mungathirire motani, mungathire manyowa ochuluka motani, sizithandiza.

Tsono taganizani za kwathu kuno. Ife tili m'munsi mwa mapiri, pa mamita 500 kapena 600 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Boma la Dedza lili pa mamita oposa 1,500. Nonse mukudziwa kuti munthu akamakwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti amanyamuka atavala malaya okha, koma akafika pamwamba amafuna juzi. N'chifukwa chake nyemba zimachita bwino ku Bembeke ndi ku Linthipe m'nyengo ya dzinja, pomwe kuno zimavuta. Boma lathu ndi limodzi, Dedza, koma minda yathu ndi iwiri yosiyana. Uphungu wolembedwera mlimi wa ku Bembeke si wonse ungathandize mlimi wa ku Mua.

Choncho mfundo yanga lero ndi imodzi. Kuno kuchigwa, zitheba zotambalala zodalirika ndi nkhungudzu. Zitheba za m'sitolo zija zimatheka, koma m'nyengo yozizira yokha, m'dimba. Tikadziwa kusiyanitsa ziwirizi, pakhomo pakhoza kukhala zitheba kwa miyezi ingapo yotsatizana, nthawi yomwe ndiwo za kumunda zatha.

Nkhungudzu n'chiyani?

Achinyamata ambiri sakuzidziwanso, choncho ndifotokoze. Nkhungudzu ndi nyemba zoyanga za kuno ku Africa, sizidachite kubwera pa sitima. Akatswiri amazitcha lablab. Maluwa ake amakhala ofiirira kapena oyera. Chitheba chake n'chotambalala, chokhota pang'ono ngati chikwakwa, ndipo mkati mumakhala njere zitatu mpaka zisanu ndi imodzi. Njere yake simungaisokoneze ndi ina: ikhale yakuda, yofiirira kapena yoyererako, m'mbali mwake mumakhala kamzere koyera kotukuka.

Musazisokoneze ndi kamumpanda. Nayenso amayanga pa mpanda ndipo makoko ake ndi otambalala, koma wa kamumpanda timadya njere, makoko timataya. Nkhungudzu timadya chitheba chonse chikadali chanthete, timadya masamba, ndiponso timadya njere zikauma.

Mphamvu ya nkhungudzu ili pa muzu. Muzu wake umalowa pansi kwambiri kukafuna chinyezi, n'chifukwa chake zikakhazikika zimapirira ng'amba ndi kutentha kuposa nyemba wamba. Monga mbewu zonse za m'gulu la nyemba, zimawonjezera chonde m'nthaka. Masamba ndi mitsitsi yake yotsala ndi chakudya chabwino cha mbuzi ndi ng'ombe.

Tisaganize kuti ndi ndiwo za amphawi. Ku Kenya amazitcha njahi, ndipo pakati pa a Kikuyu ndi chakudya cholemekezeka chimene amaphikira mayi amene wangobereka kumene. Alimi a kumpoto kwa Tanzania amazilima n'kumagulitsa ku Kenya komweko. Ku India ndi ku Bangladesh zitheba zake zimagulitsidwa m'misika ya m'mizinda ikuluikulu. Anzathu akupanga nazo ndalama, ife tikuzisiya zife ndi agogo athu.

Kalimidwe ka nkhungudzu pakhomo

Malo: sankhani m'mbali mwa mpanda wa nyumba, wa bafa kapena wa dimba, pomwe dzuwa limafika ndipo madzi sadikha. Nkhungudzu zimapirira chilala koma zimadana ndi chithaphwi. Inu a kufupi ndi madambo, komwe madzi amasefukira mu Januwale ndi Febuluwale, dzalani pa kachulu kapena pa mzere wokwera.

Nthawi: dzalani ndi mvula yodzalira, mu Disembala. Kumbani phando, thiranimo manyowa owola bwino odzadza manja awiri, sakanizani ndi dothi. Ikani njere ziwiri kapena zitatu, kuya kwake masentimita atatu mpaka asanu. Kuchoka pa phando lina kufika pa linzake pakhale phazi limodzi lalikulu la munthu woyenda, chifukwa chomerachi chimatambalala. Zikamera siyani ziwiri zamphamvu. Palirani masabata oyambirira, pakuti zikadali zazing'ono zimakula pang'onopang'ono ndipo udzu ukhoza kuzigonjetsa.

Feteleza wa chimanga musathireko. Mukatero mudzakolola masamba okhaokha.

Poyanga: mpanda wa udzu wokha sungathe kusenza nkhungudzu zikakula, umagwa. Zikani mitengo yolimba yotalika mamita awiri, mupingase nsungwi kapena bango pamwamba. Ndikupempheni kuti mitengoyi isachokere m'nkhalango yotetezedwa ya Mua-Livulezi. Mapiri amenewa ndi amene amasunga madzi a mitsinje yathu, kuphatikizapo Namikokwe amene amathirira mpunga ku sikimu ya Bwanje. Njira yabwino ndi mpanda wamoyo. Dzalani gilisidiya kapena cham'mwamba m'malire a pakhomo, muzidulira nthambi, nkhungudzu ziziyanga pomwepo. Ena amamanga chisakasa pabwalo, pamwamba nkhungudzu, pansi mthunzi wokhalapo masana.

Kudekha: apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mitundu yambiri ya makolo simachita maluwa msanga. Imayanga dzinja lonse, ndipo imadikira kuti masiku ayambe kufupika, cha mu Epulo kapena Meyi, ndiye maluwa amabwera. Mlimi wosadziwa amazula mu Malichi, amati ndadzala chosabereka. Musazule. Kuchedwa kumeneku ndiye phindu lake, chifukwa zitheba zimabwera pomwe nkhwani ndi chitambe za kumunda zikutha. M'miyezi yamvula muzithyolako masamba anthete pang'onopang'ono, osakwatula chomera chonse.

Kuthyola: thyolani chitheba chikadali chanthete, njere zisanatukuke. Muzithyola pakapita masiku awiri kapena atatu alionse. Mukamathyola pafupipafupi, chomera chimapitiriza kuchita maluwa. Mukasiya zitheba zikhwime, chimaleka kubereka. M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri mukamathira patsinde, zimapitirira kubereka. Zikatha, dulani mitsitsi koma tsinde musazule. Nthawi zambiri limaphukanso mvula ikagwa.

Tizilombo: adani ake ndi nsabwe zakuda zomata kunsonga, mbozi zoboola zitheba ndi anunkhadala oyamwa njere. Pakhomo mapando ndi ochepa, choncho yenderani m'mawa uliwonse, tolani mbozi ndi manja, chotsani zitheba zoboola. Nsabwe zimagonja ndi madzi a sopo pang'ono kapena madzi a masamba a nimu osinja ndi kuviika usiku wonse. Mitengo ya nimu kuno ili ponseponse. Koma chonde, inu alimi a thonje, mankhwala otsala a thonje asafike pa ndiwo. Zitheba timathyola lero n'kudya lero lomwe, ndipo amene amayamba kudya ndi ana.

Nanga zitheba za m'sitolo?

Sindikunena kuti muzitaye. Ndi zokoma, zilibe ulusi wambiri, ndipo ogula a m'tauni amazidziwa. Cholakwa changa chidali nthawi. Kuno dzalani kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka mu Juni, m'dimba lomwe madzi ali pafupi, kuti maluwa adzabwere kukuzizira, mu Juni, Julaye ndi Ogasiti. Mukadzala mu Sepitembala kapena Okutobala mudzaona zimene ndidaona ine.

Zikani mitengo musanadzale kuti musadzadule mizu. Mangani mitengo itatu kapena inayi pamodzi kumwamba ngati kachisakasa, ndipo patsinde la mtengo uliwonse dzalani njere ziwiri. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma kapena mapesi a mpunga kuti chinyezi chisathawe. Thirirani patsinde, osati pamasamba. Mbande zikamafota zikadali zazing'ono, tsinde litatupa ndi kung'ambika m'munsi, dziwani kuti ndi mphutsi za ntchentche ya nyemba. Manyowa okwanira ndi kukwezera dothi patsinde zimathandiza chomera kutulutsa mizu ina. Pakatha miyezi iwiri kapena kupitirirako pang'ono mumayamba kuthyola.

Ubwino wa nyemba zoyanga ndi wakuti zimalima m'mwamba. Ku Rwanda, komwe malo ndi ochepa kuposa kwathu kuno, alimi ambiri adatembenukira ku nyemba zoyanga kuyambira m'zaka za m'ma 1980, chifukwa pa malo omwewo zimabereka kawiri kapena katatu kuposa zazifupi. Mayi wamasiye amene munda wake ndi wochepa, kapena banja lachinyamata lomwe likudikira kugawiridwa malo, mpanda ali nawo.

Kuphika ndi kusunga

Amayi mukudziwa kuposa ine, koma ndikumbutse zitatu. Choyamba, zitheba za nkhungudzu zisadzuleni ulusi wa m'mbali, ziduleni, muphike ndi tomato ndi anyezi kapena mutendere ndi nsinjiro. Zanthete sizifuna soda kapena chidulo, zimapsa zokha, ndipo soda amawononga mavitamini. Chachiwiri, zikachuluka futsani. Ziwiritseni pang'ono, muyanike pa mphasa yoyera, musunge ngati mfutso wa masamba. Mudzazifuna mu Okutobala ndi Novembala. Chachitatu, ndipo ichi n'chofunika kwambiri: njere zouma za nkhungudzu, makamaka zakuda, zili ndi ululu wachilengedwe umene umatha ndi kuphika. Ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, wiritsani m'madzi atsopano mpaka zifewe bwinobwino. Ana asadye zaziwisi, kaya njere kaya zitheba.

A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Chomera chimodzi chimenechi chikutipatsa magulu awiri. Masamba ndi zitheba ndi ndiwo zamasamba, njere zouma ndi za m'gulu la nyemba, zomanga thupi.

Mbewu ndi yathu

Sankhani zomera ziwiri zobereka bwino, muzimangirire kansalu kuti aliyense pakhomo adziwe kuti izi sitithyola. Zitheba ziume pa chomera pomwepo. Menyani, yanikani njere mpaka ziume gwa, sakanizani ndi phulusa losefa, tsekerani m'botolo kapena m'chigubu chosalowa mpweya kuti anankafumbwe asaswane. Nyemba si chimanga cha haibulidi. Mbewu yosunga nokha imabereka ngati mayi wake, chaka ndi chaka. Ngakhale zitheba za m'sitolo zija, mukagula kamodzi mukhoza kumasunga mbewu yake.

Apa ndi pomwe nkhani ya pampanda ikukumana ndi nkhani ya ku Lilongwe. Kuyambira mu 2005, pomwe boma lidayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, imene mu 2020 idasinthidwa n'kutchedwa AIP, ndalama zambiri za unduna wa zamalimidwe zakhala zikupita ku feteleza ndi chimanga. Sitikukana, chimanga n'chofunika. Koma mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo tonse tidaona mmene mitengo ya m'sitolo idakwerera. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Ulimi wodalira mbewu imodzi ndi thumba logula umatisiya pa mtetete chaka chikavuta. Mbewu yopirira, yosalira ndalama, yomwe ili kale m'manja mwa amayi, siyenera kuonedwa ngati yachikale.

Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la mbewu. Kuthana ndi ogulitsa mbewu zachinyengo, aja amapaka utoto chimanga cha m'nkhokwe n'kumati ndi haibulidi, ife tikugwirizana nazo kwathunthu, pakuti obedwa ndife. Koma Malawi adavomeranso pangano la mayiko la mu 2001 lokhudza mbewu za chakudya, lomwe limazindikira ufulu wa alimi pa mbewu zimene amasunga okha. Nkhungudzu za agogo aja sizidalembedwe m'kaundula aliyense. Zakhalapo mpaka lero chifukwa amayi amapatsana m'kansalu pa chinkhoswe, pa maliro ndi pa mjigo. Kupatsana kumeneku kukatha, mbewuyo yatha.

Zimene tikupempha

Kwa alangizi anzanga ndi akuluakulu a zaulimi: ndondomeko ya ulangizi ya chaka cha 2000 idanena kuti ulangizi uziyambira pa zofuna za alimi. Tikufuna minda yachitsanzo ya ndiwo zapakhomo ku Mtakataka ndi ku Golomoti, yokhala ndi mbewu zoyenera kuchigwa, ndipo amayi achikulire aziitanidwa ngati aphunzitsi.

Kwa akatswiri a kafukufuku: ku Chitedze kuli nkhokwe yosungira mbewu za dziko lino. Bwerani mudzatenge mitundu ya nkhungudzu ya kuno isanathe, muiyese pamodzi ndi ife, mutithandize kupeza yobereka msanga ndi ya zitheba zofewa. Mukatenga, zotsatira zake zibwerere kwa eni mbewu.

Kwa aphungu athu ndi makhansala: pokhazikitsa malamulo a mbewu, onetsetsani kuti mlimi wosunga, wopatsana ndi wosinthana mbewu ya makolo pa chionetsero cha mbewu ndi wotetezedwa.

Kwa inu mafumu athu, ndi ulemu wonse: mdani wamkulu wa nkhungudzu si mbozi, ndi mbuzi. Tikangokolola ziweto zimatayiridwa, ndipo chobiriwira chokha m'mudzi chimakhala chimene chili pampanda. Mayi amasamala chomera miyezi isanu, mbuzi ya mnzake n'kuchimaliza tsiku limodzi. Tikupempha malamulo a m'mudzi oteteza madimba apakhomo chaka chonse, ogwira aliyense mosayang'ana nkhope.

Kwa inu abambo: kuzika mitengo ndi kumanga mpanda wolimba ndi ntchito yanu. Ndipo zitheba zikayamba kugulika pa msika wa Golomoti kapena m'mbali mwa msewu wa Salima, musadzati dimba lija tsopano ndi langa. Ana adye kaye, zotsala zigulitsidwe, ndalama yake mukambirane ndi mayi amene adathirira.

Pomaliza, kwa ife tonse mamembala. Tisadikire boma pa chinthu chimene tingathe tokha. Kalabu iliyonse ikafufuze m'midzi yake kuti ndani akadali ndi mbewu ya nkhungudzu, ndipo mlembi alembe mtundu wa njere, mtundu wa maluwa ndi mwezi umene zimabereka. Mbewuyo mukaipemphe mwaulemu, ndipo mukakolola mukabweze yoposa imene mudatenga. Khomo lililonse la membala lidzale mapando khumi mvula ikubwerayi. Pa msonkhano wathu wa mu Juni, kalabu iliyonse idzabwere ndi lichero la zitheba ndi botolo la mbewu, tidzasinthane pompano.

Agogo aja adatisiya, koma mbewu imene adandipatsa ili pa mpanda wa kwathu, ndipo lero ndabwera nayo m'chigubu ichi. Sindigulitsa. Mlembi wa kalabu iliyonse adutse kuno tikamabalalika, atenge dzanja limodzi.